Lipoti la msonkhano: makatuni akale ndi ana athu

Kwa mamembala a komiti ya makolo ndi aphunzitsi,

Monga munandituma, ndinakakhala nawo pa msonkhano wa alezi ndi aphunzitsi a sukulu zamkaka. Nkhani imene inadya nthawi yambiri ndi ya tsankho la m'makatuni akale a ku America, omwe ana athu amaonera pa foni, pa fulashi ndi m'nyumba zoonetsera mavidiyo.

Wotsogolera zokambirana anayamba ndi Tom and Jerry poti palibe wosaidziwa. M'zigawo zina za pakati pa 1940 ndi 1952 muli mayi wakuda wonenepa wotchedwa Mammy Two Shoes. Timangomuona miyendo, masilipasi ndi tsache m'manja, nkhope yake amaibisa pafupifupi nthawi zonse. Ntchito yake n'kukalipa, ndipo Chingerezi chake anachipotoza dala kuti anthu aziseka. Wotsogolerayo anatiimitsiranso chithunzi pamene bomba langophulika: nkhope ya wophulikiridwayo yatsala bii, milomo ili chitutumukire. Mwana amaseka poganiza kuti ndi mwaye chabe, koma zimenezi anatengera masewero akale a azungu odzipaka zakuda kumaso ponyoza anthu akuda.

Imene inandiwawa ndi Jungle Jitters ya 1938, chifukwa ikunena za ife. Anthu a mu Africa anawajambula ngati odya anzawo, akumuika mumphika munthu wodzagulitsa malonda. Iyi ndi imodzi mwa makatuni 11 opangidwa ndi kampani ya Warner Bros. amene kampani ya United Artists inasiya kuwaonetsa mu 1968. Mu Dumbo ya 1941 namonso, mtsogoleri wa akhwangwala anamutcha Jim Crow, dzina la malamulo osankhana mitundu a kum'mwera kwa America.

Za momwe izi zimakhudzira ana, anatikumbutsa kafukufuku wa Kenneth ndi Mamie Clark wa m'ma 1940. Ana akuda atapatsidwa zidole zoyera ndi zakuda, ambiri ankati chabwino ndi choyera. Kafukufukuyu sanali wa makatuni ayi, koma anaonetsa kuti mwana wamng'ono amatola msanga zimene dziko likunena za khungu lake. Khoti lalikulu la ku America linamutchula poweruza mlandu wa Brown mu 1954, umene unathetsa tsankho m'sukulu zaboma.

Tinasiyana maganizo pa chochita. Ena ankati tifufute zonse. Mayi wina anayankha kuti ukafufuta kusukulu, mwana akakaziona kwa aneba popanda womufotokozera. Ine ndinali mbali ya mayiyo. Kampani ya Disney inaika chenjezo lamphamvu pa mafilimu ngati Dumbo ndi Peter Pan mu 2020, koma makope amene timakopetsa kumsika alibe chenjezo lililonse, komanso mwana wa zaka zinayi sawerenga. Choncho wochenjeza ndi wamkulu amene wakhala naye pafupi.

Ndikupempha komiti ivomereze kuti aphunzitsi awiri aunike makatuni onse ali pa fulashi ya sukulu tisanawaonetsenso. Zonyoza poyera ngati Jungle Jitters zichotsedwe. Zina zotsalazo ana okulirapo aziona pali mphunzitsi woti awafunse: "Mayi uja bwanji sakumuonetsa nkhope? Iwe amayi ako amalankhula chonchija?" Ndikufunanso kuti pa msonkhano wa makolo wotsatira mundipatse mpata ndiwaonetse zigawo ziwiri, chifukwa mafoni amene ana amaonerapo kwambiri ndi a kunyumba.

Ine nthumwi yanu.