Za bomba la ku Hiroshima, anyamata athu amvetse

Akonzi,

Ndipatseniko kadanga m'nyuzipepala yathuyi. Sabata yatha ndinali kudikira kabaza pafupi ndi chipilala cha wotchi kuno ku Mangochi boma, anyamata ali pa mkangano wa nkhondo zomwe amaonera pa foni, wina mpaka amvekere "aaa angoponya nyukiliya kamodzi basi zithe izi", anzake nkufa nako kuseka. Ine sindinayankhe, koma zandikhala kumtima mpaka lero.

Pa 6 Ogasiti 1945, Lolemba, nthawi ili 8:15 m'mawa, chakumapeto kwa nkhondo yachiwiri ya dziko lonse, ndege ya America yotchedwa Enola Gay inaponya bomba limodzi lokha la nyukiliya pa mzinda wa Hiroshima ku Japan. Ankalunjika pa mlatho wa Aioi chifukwa unkaoneka bwino kuchokera m'mwamba. Inu taganizani 8 koloko pa mlatho wathu wa Bakili Muluzi, amayi ali ndi mabeseni a usipa pamutu, akabaza akulimbirana njira, ana akuthamangira belu, ndiye nthawi yake imeneyo. Mlatho wathuwutu unamangidwa ndi thandizo la Japan yomweyo.

Bombalo silinafike ndi pansi pomwe, linaphulikira m'malere mamita pafupifupi 600. Kunangoti ng'ani! kuwala, kenako kutentha kopitirira madigiri 3,000 pansi pake, mpaka pa masitepe a banki ina panangotsala chithunzithunzi cha munthu yemwe anakhala pamenepo. Nyumba zambiri zinali zamatabwa ndiye pa mtunda wa makilomita awiri mbali zonse zinagwa nkuyaka, anthu ali mkati momwemo. Amene anapulumuka ankayenda atatambasula manja khungu likulendewera ngati nsanza, akulira madzi madzi, ambiri nkumadziponya m'mitsinje poti mzindawu uli pomwe mtsinje wa Ota umagawikana, ndipo mitsinjeyo inadzadza mitembo. Ife munthu mmodzi akamira mu Shire mudzi wonse sugona, nanga mtsinje wonse mitembo yokhayokha?

Pambuyo pake kunagwa mvula yakuda bii, ena poti kukhosi kunali gwa anayasamula nkumwa, osadziwa kuti ndi poizoni. Thandizo likachokera kuti, madokotala ndi manesi ambiri a mumzindamo anali atafa kapena kuvulala nawonso. Chomwe chimandipweteka kwambiri ndi ana asukulu, m'mawa umenewo masauzande a iwo anali panja, atatumidwa kukagwetsa nyumba kuti pakhale mipata yotchinga moto, ngati momwe timalambulira m'mbali mwa munda. Ambiri sanabwerere kwa makolo awo.

Anthu pafupifupi 70,000 anafa tsiku lomwelo. Ena ankaoneka bwinobwino opanda ndi bala lomwe, patapita masiku tsitsi kuyamba kuthothoka, nkhama kutuluka magazi, basi kumwalira, moti chaka chimatha akufa atafika cha m'ma 140,000. Pa 9 Ogasiti bomba lina linagwa ku Nagasaki, pa 15 mfumu ya Japan, Hirohito, inalengeza pa wailesi kuti agonja.

Ndikudziwa ena anena kuti Japan nayo sinali nkhosa. Zoona, asilikali ake anazunza anthu koopsa ku China ndi ku Korea, ndipo agogo athu a KAR, gulu la asilikali la nthawi ya atsamunda, anakamenyana nawo ku Burma, ena anatsala komweko. Koma kamwana ka zaka 12 konyamula matabwa kanalakwira ndani?

Komanso tisamaone ngati nkhaniyi ndi ya kutali. Uranium wambiri wa bombalo anakumbidwa ku mgodi wa Shinkolobwe ku Congo konkuno, ndipo mwala womwewo nafe tili nawo ku Kayelekera ku Karonga. Sindikuti wathu amapangira mabomba ayi, amagulitsidwa kuti akapangire magetsi, koma ndi angati mwa ife amadziwa mphamvu ya chinthu chomwe chili m'nthaka mwathu?

Pempho langa akonzi, Ogasiti aliyense muzitipatsako ngakhale theka la tsamba pa nkhaniyi, m'Chichewa, chifukwa zambiri zili m'chingerezi ndipo anyamata aja sangaziwerenge. Kalatayi mukaitulutsa ndigula ziwiri, imodzi ndikasiya pa siteji ya kabaza paja.

Mphunzitsi wopuma,
Mangochi boma