Kwa inu otigulitsa intaneti: K60,000 ya "priority" mukuidyera chiyani?

Akuluakulu, ndalemba pano poti ku ofesi kwanu kulibe womva.

Mwezi ndi mwezi timakupatsani K385,000, ndipo K60,000 mwa ndalamazi, malinga ndi bilu yanu yomwe, ndi yoti mafoni athu a VoIP (oimbira kudzera pa intaneti) azidutsa patsogolo pa zina zonse. Koma dzuwa likangokwera, kulankhula ndi nthambi yathu ya ku Blantyre ndi chilango. Mawu amaduladula, ena kufika mochedwa mpaka nonse mumayamba kulankhulira pamodzi.

Mnyamata wathu wa IT mbali yake anachita. Rauta yathu (kachipangizo kotilumikiza ku intaneti) imadinda mapaketi onse a mawu (tizidutswa ta data tonyamula mawu) ndi chidindo cha zinthu zachangu, DSCP 46, ija amati EF, kuti makina anu akaona asawaike pamzere umodzi ndi mavidiyo a YouTube. Atatsegula Wireshark, pulogalamu yoonera mapaketiwa, ku Blantyre kuja, mapaketi omwewo akufika ali ndi 0. Ziro! Chidindo chathu chikufufutidwa mkati mwa netiweki yanu. Kuti mumafufuta za anthu amene sanalipire, zimenezo tikudziwa. Nanga ife?

Sabata ija, kaya linali Lachiwiri kaya Lachitatu, ndinatseka ofesi n'kunyamula mapepala a umboniwu kubwera kwanuko. Bambo wa pakauntala, maso ali pafoni yake, moni n'komwe, anangoti, "Mayi, kazimitseni rauta muyatsenso." Nditamutambasulira pepala analikankha ndi chala chimodzi, ati, "Izi mwazitenga pa Google izi. Mainjiniya ali ku field." Kenako anaitana wotsatira ine ndikadali chiimire. Zikomo kwambiri bambo, mwatiphunzitsa ife osadziwa. K14,000 ya mafuta inapsa kuti ndikamve zimenezo.

Anzanga a mabizinesi, taonani bwino mabilu anu. Mwina nanunso mukulipira mpweya.

Ndikufuna injiniya weniweni, osati wa pakauntala uja, akonze makina anu kuti azilemekeza chidindo chathu kuchokera ku Lilongwe mpaka ku Blantyre, ndipo alembe kuti wakonza. K60,000 ya mwezi uliwonse umene munatidyera ibwerere yonse. Mwezi uno ukatha zili chomwechi, mapepalawa ndikawatula ku MACRA ndi ku CFTC (bungwe loteteza ogula), zithunzi za Wireshark ndiziika pompano aliyense aone.

Ndipo musandiyankhe kuti "tilembereni ku inbox". Ku inbox ndinalembako kale, mpaka lero kuli zii.