Kwa mwana wanga amene ali ku Lithuania

Wokondedwa mwana wanga,

Kuno tili bwino, bondo la mayi ako lija layamba kuleza. Ndakhala ndikusinkhasinkha dandaulo lako la pa foni, loti agogo a m'midzi ya kumeneko akangoona kamakina kako kojambulira mawu, nkhani imathera pa kachewere ndi nyengo. Unati ndi anthu ouma mtima. Ayi mwanawe, usawaweruze msanga.

Pa 14 June 1941 mabanja ambirimbiri anapakiridwa ndi boma la Soviet Union m'mabogi a ng'ombe ulendo wa ku Siberia, ndipo zinachitikanso mu 1948 ndi 1949. Minda inalandidwa n'kulowetsedwa mu kolkhoz, minda ikuluikulu yolima pamodzi mokakamizidwa ndi boma. Kwa munthu wokula motero, mlendo wobwera ndi kope n'kufunsa kuti kodi ana munkawabatiza kuti, ameneyo ndi wa KGB basi, apolisi achinsinsi a bomalo. Ine sindikuwadabwa. Nthawi ya chipani chimodzi kuno, mlendo atandifunsa za mtengo wa feteleza ndinayamba ndacheuka, kenako n'kuyankha kuti zonse zili bwino.

Ngakhale ofufuza a komweko ankayenda paminga. Ophunzira a pa yunivesite ya Vilnius ankazungulira midzi kutolera nyimbo ndi nthano zamakolo, mpaka mu 1967 anatsitsimutsa mwambo wamakolo wa pakati pa chilimwe wotchedwa Rasos ku Kernavė. Boma linkakondwera ndi magule a pa siteji, koma zikayamba kununkha ufulu linkaluma. Jonas Trinkūnas, mmodzi wa otsitsimutsa mwambowo, anachotsedwa ntchito pa yunivesiteyo mu 1973 pa chifukwa chomwechi. Ndiye ukamawerenga mabuku a ofufuzawo, mawu oyamba otamanda Lenin, mtsogoleri woyamba wa Soviet Union, asakupusitse. Linali khadi lolowera mumsika. Nkhani yeniyeni ili m'katimo, pamene akulemba za mitanda ndi maliro n'kumazitcha "zotsalira zakale".

Makinawo uyambe wawasiya m'chikwama. Kathandize kukumba kachewere, katole nawo bowa m'nkhalango, mkate wakudawo udye ndithu ngakhale ukuti ndi wowawasa. Kuona maso a nkhono n'kudekha. Akadzakuuza za Phiri la Mitanda la pafupi ndi Šiauliai, limene boma linasalaza ndi mathirakitala mu 1961, usafunse kuti ankabwezeretsa mitandayo usiku ndani. Ndipo mayina enieni usalembe, chonde. Woneneza ndi wonenezedwa mwina akupemphera tchalitchi chimodzi mpaka lero.

Mayi ako akuti jekete lija n'lopyapyala, ugule lina chisanu chisanafike.

Ndine bambo ako.