Za tiyi wanu wotsuka m'thupi uja

Okondedwa achemwali,

Ndikhulupirira muli bwino pamodzi ndi ana ku Joni kumeneko. Kuno tili bwino, kungoti dzuwa laipa, mukudziwa kale Mangochi ikafika Okutobala. Ndamva chisoni kuti akupezani ndi BP. Koma chimene chandigwiritsa cholembera ndi mawu anu aja, oti mwasiya mapiritsi a kuchipatala n'kuyamba kumwa tiyi wotsuka m'thupi, ati poti matenda onse akuchokera ku poizoni wa m'zakudya za masiku ano.

Zoti poizoni alipo sindikutsutsa. Ndikukana zoti tiyi wa m'kabokosi angamuchotse. Komanso poizoni amene ine ndimamuopa kwambiri sachokera kufakitale, ali m'lichero mwathu momwemuno.

Ndikunena chuku. Mtedza kapena chimanga chikasungidwa chisanaume bwino, chuku chimatulutsa poizoni wotchedwa aflatoxin. Ameneyu saoneka, ndipo moto samupha. Mukazinge mtedzawo, musinje, muthire m'nkhwani n'kuwiritsa, iye ali momwemo. Sapweteka lero, amapita kukaunjikira mavuto m'chiwindi pang'onopang'ono, mpaka ena kudwala khansa ya chiwindi, makamaka amene ali kale ndi matenda a chiwindi otchedwa hepatitis B. Tsono taonani zimene timachita. Poswa mtedza timawaza madzi kuti makoko afewe, zala zisapweteke, kenako n'kuthira m'thumba usanaumenso. Tikamasankha, wonenepa timapita nawo kumsika, wofota ndi wakuda uja ndiye timati wa nsinjiro, wa phala la mwana. Chimanga chowola sititaya, timati cha nkhuku kapena cha mowa, mwinanso chimalowa kuchigayo njala ikavuta. Mtedza wa Malawi unkagulidwa kwambiri kunja, koma misika ina inatitsekera khomo chifukwa cha chuku chomwechi. Azungu anaukana, ife tikudyetsa ana athu. Ndimati ndikaganiza zimenezi mtima umandiwawa.

Chonsecho mankhwala ake safuna ndalama. Kuyanika pamphasa kapena palona osati padothi, kudikira ziumitsitse, kuswa mtedza wouma, ndi kulimba mtima n'kutaya wowolawo. Chovuta ndi chomalizachi, makamaka mu Januwale nkhokwe ikapepuka.

Kenako pali mankhwala a m'munda. Botolo lililonse limanena masiku oti mudikire mukapopera musanathyole, koma wa dimba wina amapopera matimati lero, mawa ali nawo pamsika, ufa woyera wa mankhwala ukuonekerabe pakhungu. Chimanga nacho ena amathira Actellic mopyola muyezo poopa anankafumbwe. Ine ndinasamukira ku matumba a PICS aja, amene amapha tizilombo pongotimana mpweya, osathira kanthu. Zimamvekanso kuti ogulitsa ena amathira mankhwala pa nsomba zouma kuti zisafumbwe. Si onse ayi, koma ine mulu wa usipa umene ntchentche zikuulambalala, nanenso ndimaulambalala.

Utsi ndiye sitiuwerengera n'komwe. Mayi amaphika m'kakhitchini kopanda zenera zaka zonse, mwana ali kumbuyo, pambuyo pake chifuwa chosatha n'kumati wamulodza. Ena amayatsira makala ndi majumbo, utsi wake n'kumaupuma chabwinobwino. Mbaula ya Chitetezo imachepetsako nkhuni ndi utsi, ndipo ngakhale kungophikira panja kumathandiza. Za likodzo ndisachite kunena, tonse tinakulira kuchapa ndi kusamba kunyanja. Likakhalitsa osalandira mankhwala limawononga chikhodzodzo. Munayezetsapo chichokereni kuno?

Tsopano za BP yanuyo. Musadzione ngati mwatsoka nokha. Kafukufuku wa m'chaka cha 2009 anapeza kuti munthu wamkulu mmodzi mwa atatu alionse m'Malawi muno ali ndi vuto la kuthamanga kwa magazi, ndipo ambiri sankadziwa. Vutoli silimva kutsuka. Ntchito yotsuka m'thupi Mulungu anapatsa chiwindi ndi impso, ndipo BP yosasamalidwa imawononga impso zomwezo, kuphatikiza mtima ndi ubongo. Tiyi wambiri wa mtundu umenewo amangotsegula m'mimba kapena kukodzetsa, munthu n'kumva kupepuka, n'kumati zoipa zatuluka. Zosakaniza zake simuzidziwa, muyezo wake simuudziwa. Kunonso alipo otere, amayenda ndi zimkuzamawu pamsika, botolo limodzi lochiza shuga, BP, nyamakazi ndi kusabereka komwe. Wina wa kumpingo kwathu anawakhulupirira n'kusiya mapiritsi, lero akukoka mwendo, mbali imodzi inafa.

Sindikunyoza zachilengedwe, achemwali. Chakudya ndi mankhwala ndithu, koma chiziyenda limodzi ndi a kuchipatala. Yambani ndi mchere. Bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO limati munthu wamkulu asapyole magalamu 5 patsiku, kasupuni ka tiyi kamodzi osadzaza, kuwerengera ndi umene uli kale mu buledi, masoseji, supu wa m'mapaketi ndi timakyubu tokometsera ndiwo tija. Ndikudziwa kuti kumeneko nkhuku ndi tchipisi n'zosavuta kupeza munthu akaweruka atatopa, zakumwa zotsekemera nazo ndi zamabotolo akuluakulu. Koma bonongwe aliko, eni dziko amamutcha morogo, mufunse amayi ogulitsa masamba m'misewu. Nyemba ziliko, mbatata iliko. Ufa woyera mbee uja muzisinthanitsako ndi wa mgaiwa. Paja tili ana tinkachita nawo manyazi mgaiwa, chisoso ndi luni, ati za amphawi. Lero madokotala akuuza mabwana a m'tauni kuti azidya zomwezo.

Basi ikamanyamuka kumapeto kwa mwezi ndikutumizirani kathumba. Muli usipa wouma wogula kwa munthu amene ndimamudziwa, ufa wa chamwamba woti muzithira m'phala, malambe, ndi mtedza umene ndasankha ndekha umodziumodzi. Usipawo muziyamba mwauviika n'kutaya madzi oyamba, mchere muthire wochepa. Koma musadikire katunduyu. Pitani kukiliniki sabata ino akakuyezeninso BP ndi shuga, muwauze zoona kuti munasiya mapiritsi, ndipo kabokosi ka tiyiko mupite nako akakaone. Mundiuze manambala amene akupezani nawo.

Amayi anu ndinawaona Lachisanu, ali bwino, akuti foni yawo yavuta batire. Moni kwa alamu ndi ana onse.

Ndine mnzanu,
wa ku Mangochi