Ip Man sankauluka m'mwamba

Akonzi,

Achinyamata ambiri amamudziwira m'mafilimu Ip Man, ndiye amayesa kung fu ndi kulumpha madenga ndi kugwetsa anthu khumi nthawi imodzi. Zimenezi zikuwapweteketsa ana athu. Tiloleni tinene zomwe mkuluyu anasiyadi.

Anabadwa mu 1893 ku Foshan, kumwera kwa China, ndipo Wing Chun, mtundu wa kung fu womwe anatchuka nawo, anayamba kuiphunzira ali mwana kwa mphunzitsi wake Chan Wah-shun. Mu 1949 anasamukira ku Hong Kong, komwe ophunzira ake oyamba anali ogwira ntchito m'malesitilanti. Bruce Lee anadzaphunzira kwa iye pambuyo pake, ali mnyamata.

Phunziro loyamba, Siu Nim Tau, munthu sasuntha phazi ngakhale kamodzi. Amaima mapazi motalikirana ngati m'lifupi mwa mapewa, zala zakumapazi zitaloza m'kati, mawondo atapindika pang'ono moyang'anizana, msana uli chilili. Dzanja limatuluka pang'onopang'ono kutsata mzere wapakati pa thupi, chigongono chili m'kati, pakati pa icho ndi chifuwa patatsala mpata wokwana chibakera chimodzi. Apa ndi pomwe ambiri amalakwitsa. Akathamanga, phewa limakwera, chigongono chimatulukira kunja, nthiti ndi chifuwa n'kukhala pamtetete. Akalimbitsa minofu, mkono sumvanso komwe mphamvu ya mnzawo ikulowera, choncho chi sau, masewera ogundanitsa mikono ndi mnzako osailekanitsa, amangosanduka kukankhana.

Akakhazikika ndi pomwe amalowa Chum Kiu, yophunzitsa kutembenuka ndi kuponda, kenako phunziro lachitatu, Biu Jee. Ndodo yaitali ndi mipeni iwiri zimabwera kumapeto.

Palinso chidole chamtengo chija, muk yan jong, cha mikono itatu ndi mwendo umodzi. Anthu amachimenya ndi mphamvu zonse poganiza kuti akulimbitsa mafupa, mapeto ake mikono kutupa. Ntchito yake si imeneyo. Chimaphunzitsa mtunda woyenera kuima ndi mbali yolowera, n'chifukwa chake amachipachika pa timatabwa tofewa kuti chizigonja pang'ono chikakhudzidwa.

Tikupempha aphunzitsi a masewerawa kuti asamathamangitse ana kukamenyana miyendo isanakhwime. Ip Man mwini, atatsala masabata ochepa kuti amwalire ndi khansa yapakhosi pa 2 Disembala 1972, analola kuti amujambule kanema pofuna kuti ophunzira ake asadzapotoze zomwe anawaphunzitsa. Anali atawonda kwambiri. Mu kanemayo akuoneka akuchita Siu Nim Tau, Chum Kiu ndi za pachidole chamtengo.

Okonda Wing Chun,
Blantyre