Masita ya mabuleki isamangosinthidwa mwachisawawa

A Mkonzi,

Nkhani zambiri za ngozi m'nyuzipepala muno zimanena kuti mabuleki anakana, makamaka pa mitsetse ngati ya Chiweta, Khwekhwerere ndi msewu wotsikira ku Chikwawa. Ife amene timakhalira kukonza magalimoto tikufuna eni magalimoto adziwe kuti masita silinda ya mabuleki, pampu imene imakankhira mafuta kumawilo mukaponda pedulo, imachenjeza kaye isanatheretu, ndipo kuisintha ndi ntchito imene magalaja ambiri akuigwira mwatheka.

Mukaima pa maloboti phazi lili pa pedulo, pedulo n'kumalowa pang'onopang'ono mpaka pansi koma mafuta m'kathanki osachepa, dziwani kuti malabala a m'kati mwa masita atha ndipo mafuta akudutsa m'mbali mwa pisitoni. Nthawi zina mafuta amachepa koma pansi osaoneka dontho. Apo yang'anani pamene masita yalumikizana ndi busita, chitini chozungulira chimene chimawonjezera mphamvu ya phazi lanu: penti ikakhala yonyowa kapena yosupuka, mafuta akuthawira m'busita. Musanagule chilichonse, masulani mapaipi otuluka m'masita, mutseke mabowo ake ndi mabawuti otsekera, muponde. Pedulo ikalowabe, vuto ndi masita. Ikalimba gwa, kafufuzeni kumawilo kapena m'mapaipi, masita ilibe mlandu.

Chizolowezi chongosintha malabala chifukwa kiti (paketi ya malabala atsopano) ndi yotchipa ndicho chikutipweteka. Mafuta a mabuleki amayamwa chinyezi, chinyezicho chimadya khoma la m'kati mwa silinda n'kusiya timaenje. Unikani ndi tochi, pititsani chala. Khoma likakhala lokhakhala, labala watsopano adzang'ambika posachedwa, ndipo adzang'ambikira pamtsetse pamene mukuponda mwamphamvu. Silinda yotero ndi yotaya. Pogula ina tengani nambala ya chasisi, osangoti "ya Corolla" kapena "ya HiAce", chifukwa magalimoto ochokera ku Japan amafanana kunja koma masita n'kusiyana. Kukula kwa bowo kumalembedwa pathupi pa masita zambiri, monga 13/16, 7/8 kapena 15/16. Bowo likakula kuposa loyenera pedulo imauma, likachepa pedulo imapita kutali. Masita ya galimoto ya ABS (makina oletsa matayala kukhwekhwereza mukaponda mwamphamvu) ndi ya yopanda ABS nazonso sizisinthanitsidwa.

Kumasula sikuvuta. Injini ili chizimire, pondani pedulo kangapo mpaka ilimbe kuti busita ithe mphamvu. Kokani mafuta akale m'kathanki ndi sirinji, chotsani waya wa sensa, yalani nsanza pansi pake poti mafutawa amasupula penti. Akadonthera tsukani ndi madzi nthawi yomweyo. Manati a mapaipi, amene pa Toyota zambiri ndi a 10 mm, amafuna sipanala yake yogwira nati pafupifupi mbali zonse. Sipanala wamba kapena pulayala imaviringa natiyo, ntchito ya ola limodzi n'kusanduka yosakasaka paipi tsiku lonse. Kenako masulani manati awiri ogwira masita ku busita. Mukapeza mafuta m'busita akokeni onse, chifukwa amawononga labala wamkulu wa m'katimo.

Apa ndi pamene ambiri amadumpha: masita yatsopano iyenera kuchotsedwa mpweya isanamangidwe pa galimoto. Igwireni pa vayisi pa makutu ake omangira, osati pathupi, ikhale yosapendekeka. Mangani timapaipi tiwiri tifupitifupi m'mabowo otulukira mafuta, tipindeni kuti nsonga zake zimire m'kathanki, thirani mafuta. Kankhani pisitoni pang'onopang'ono ndi kamtengo kosasongoka, masentimita awiri okha, muisiye ibwerere, mudikire masekondi 15, mubwerezenso mpaka thovu litasiyiratu kutuluka. Pa magalimoto ambiri masita imakhala yopendekeka pang'ono, ndiye mpweya umakabisala kunsonga kumene kupopa pedulo sikungaufikire. N'chifukwa chake mumaona anthu akubulida (kuchotsa mpweya) mawilo onse anayi kawiri katatu, botolo la mafuta kutha, pedulo ikadali yofewa ngati siponji.

Chachiwiri chimene chimaiwalika ndi kandodo kotuluka m'busita kokankha pisitoni. Kayenera kungotsala pang'ono kwambiri kukhudza pisitoni, osaikankha. Kakatalika, pisitoni sibwerera mokwanira ndipo imatseka kabowo kobwezera mafuta m'kathanki. Galimoto imanyamuka bwinobwino, koma mafuta akatentha amasowa kolowera, mabuleki amayamba kugwira okha, mawilo n'kumatentha ndi kununkha. Kakafupika, pedulo imayenda mtunda isanayambe kugwira. Yerekezani kuya kwa dzenje la pisitoni yakale ndi yatsopano musanamange, ndipo mukamaliza pedulo izisewera mamilimita ochepa mukaikankha ndi chala.

Pomanga, yambani manati a mapaipi ndi zala manati a ku busita asanalimbe, kuti paipi ilowe mowongoka. Masita zambiri ndi za aluminiyamu, mazinga ake sachedwa kuphwanyika, choncho musakoke ndi mphamvu zonse.

Kubulida mawilo kumafuna anthu awiri ndi mafuta pafupifupi lita imodzi. Lamulo lodziwika ndi kuyambira wilo lakutali ndi masita, lomwe pa magalimoto athu a chiwongolero cha kumanja ndi lakumbuyo kumanzere, koma buku la galimotoyo likanena dongosolo lina tsatirani bukulo. Wina aponde n'kugwira, wina atsegule nipo (kabawuti kotulutsira mpweya pa wilo), atseke, ndiye woponda uja atukule phazi. Kathanki kasaume, apo ayi mwayambiranso. Mpweya ukalowa m'bokosi la ABS, magalimoto ena amafuna kompyuta yoyendetsa pampu yake kuti utuluke.

Za mafuta tinenepo mosabisa. Thirani amene alembedwa pa chivindikiro, DOT 3 kapena DOT 4, a m'botolo losatsegulidwa. DOT 4 watsopano sawira asanafike madigiri 230, koma akamwa chinyezi amatha kuwira pa 155. DOT 3 amatsika kuchoka pa 205 kufika pa 140. Minibasi yodzaza ikamatsika phiri dalaivala ali chipondere, mafuta akale amawira, nthunzi imalowa m'malo mwa mafuta, pedulo n'kugwera pansi. Asinthidwe zaka ziwiri zilizonse. DOT 5 ndi wa mtundu wina, sasakanizidwa ndi enawa. Oyilo wa injini, wa giyabokosi kapena wa chiwongolero akalowamo, ngakhale pang'ono, amatupitsa malabala onse kuyambira m'masita mpaka kumawilo. Madzi a sopo amene ena amathira panjira ndiye asatchulidwe n'komwe.

Galimoto isanatuluke pa geti, pondani pedulo mwamphamvu masekondi 30 injini ikulira, isatsike ngakhale pang'ono. Pukutani molumikizira monse, muonenso ngati mwanyowa. Iyeseni pang'onopang'ono pamalo opanda anthu, kenako muyende makilomita angapo, muime, muyandikize dzanja pa wilo lililonse. Limodzi likatentha kuposa anzake, kapena onse akatentha musanaponde kwenikweni, galimotoyo ibwerere pa jeke.

Amakaniko a ku Lilongwe