Lipoti la maphunziro a nyali za galimoto

A Tcheyamani, akuluakulu ndi madalaivala anzanga a ku Mbare ndi Highfield mu Harare muno, mudandituma Loweruka lapitali kukamva maphunziro a nyali za galimoto, ndiye nazi zomwe ndabwera nazo. Za ndalama ya mayendedwe ndakambirana kale ndi amayi Msungichuma.

Wotiphunzitsa anali makaniko wa zamagetsi. Adayamba ndi kutifunsa ngati alipo amene adayendapo usiku nyali zakumbuyo zili zozima, iye osadziwa. Tonse tidakana kwa mtuwagalu. Bamboyo adatitulutsa panja nkuliza galimoto yake. Kutsogolo tinyali toyera tija tidayaka tokha, dashibodi nayo ili ngwee. Atatiuza kuti tizungulire kumbuyo, tidapeza nyali zofiira zonse zili zii. Ine ndi imvi zangazi ndidagwira pakamwa.

Tinyali toyera takutsogoloti amati DRL, kutanthauza nyali zoyendera masana, ndipo ntchito yake ndi yoti anzanu akuoneni masana, osati kuti inu muone msewu. Nzeruyi idachokera kumaiko ozizira kumene dzuwa limachita ulesi: Sweden idalamula kuyenda ndi nyali masana mu 1977, ndipo maiko a European Union adalamula kuti mitundu yatsopano ya galimoto izikhala nato kuyambira 2011. Tambiri ndi ta LED, sitidya magetsi ngati babu wamba wa nyali zazikulu, wotchedwa H4, amene pa dimu amadya mawati 55. Pa galimoto zina timayaka mukatsitsa handibuleki, choncho musathamangire kwa makaniko poganiza kuti waya waduka.

Vuto ndi lakuti pa galimoto zambiri DRL sayatsa kumbuyo. Madzulo mukutuluka m'tauni, kutsogolo kukuwala pang'ono, dashibodi ikuwala, mtima uli m'malo kuti nyali zayaka. Wa lole amene akubwera pambuyo panu mu Seke Road sakukuonani.

Tsono za AUTO, mawu olembedwa pa switchi ya nyali pamene mukaikapo nyali zimayaka zokha. Pali kasensa kakang'ono pamwamba pa dashibodi, pafupi ndi galasi lakutsogolo, kapena kuseri kwa kalirole wapakati. Kamayeza kuwala, ndipo kukayamba mdima kamayatsa dimu pamodzi ndi nyali zakumbuyo. Kamadikira masekondi angapo dala, kuopa kuti nyali zingamaphethire paliponse podutsa pansi pa mlatho. Ku Japan, komwe timaitanitsako galimoto zathu zambiri, mitundu yatsopano yakhala ikukakamizidwa kukhala ndi AUTO kuyambira 2020, ndiye tiyenera kukazolowera.

Apa ndipo padaseketsa. Ambirife timayala nsalu kapena kapeti pa dashibodi kuti isang'ambike ndi dzuwa. Mukakaphimba kasensako, kamayesa kuti kwada, ndipo mumayenda tsiku lonse nyali zili pyee, anthu nkumakuphethirirani. A Tcheyamani, sinditchula dzina, koma kapeti waubweya uja tonse tikumudziwa.

Choopsa kwenikweni ndi ichi: pa galimoto zambiri kasensa kamaona kuwala kokha, sikadziwa mvula, nkhungu, fumbi kapena utsi. Masana a chimvula cha mu Januwale, kapena utsi wa moto wolusa mu Seputembala pamsewu wa ku Nyamapanda, kumalire ndi Mozambique, tikamapita kumudzi, kunja kumakhala kowala mokwanira kuti iko kangokhala duu. Pamenepo potozani switchi ndi dzanja lanu. Yang'anani kachizindikiro kobiriwira pa dashibodi kosonyeza kuti nyali zayaka. Kabuluu ndi ka fulu.

Chimodzi sindidagwirizane nacho. Pomaliza padabwera mnyamata wogulitsa timizere ta LED tomata pa bampala. Ndikuona kuti kwa ife a galimoto zakale, kuyatsa dimu masana nkokwanira. Waya wolumikizidwa mwachisawawa amakuphetsani batire usiku galimoto itaima.

Pempho langa ndi lakuti Lamulungu likudzali aliyense abwere ndi galimoto yake. Tidzaliza imodziimodzi, mwiniwake ali mkati, ine nditaima kumbuyo ndi kope.